Carbon fibre ikawonongeka pa galimoto: kakonzedwe kake ndi malire ake

Galimoto ya chitsulo ikachita ngozi, mwini wake amadziwa kolowera. Amapita nayo kwa owongola galimoto, iwo n'kutenga nyundo, kuwongola pomwe papindika, kuwotcherera pomwe pang'ambika, kumata, kupala, kenako kupopera penti. Luso limeneli lidakhazikika kalekale m'magalaja a m'dziko muno ndipo lapulumutsa galimoto zambiri zomwe zikadatayidwa.

Koma pali galimoto zina zomwe boneti, denga, chitseko cha kumbuyo, ngakhale chimango chonse chokhalamo anthu, zidapangidwa ndi carbon fibre, yomwe m'Chichewa tingaitchule kuti ulusi wa kaboni. Pa galimoto zotere nyundo ndi moto wowotcherera zilibe ntchito, ndipo wozigwiritsa ntchito amangokulitsa vuto.

Chifukwa chake n'chakuti carbon fibre sipindika monga chichitira chitsulo. Ikagundidwa pang'ono imabwerera m'malo mwake. Ikagundidwa kopyola mphamvu zake imasweka, ndipo kawirikawiri imaswekera m'kati, kunja kukuoneka kosalala. Motero ntchito yokonza imayambira pa mafunso awiri: kodi kuwonongekako kwafika pati, nanga mbali yowonongekayo imagwira ntchito yanji pa galimotoyo? Mayankho ake ndiwo amanena ngati mbaliyo ingakonzedwe kapena iyenera kusinthidwa.

Ulusi ndi utomoni

Chomwe anthu amachitcha carbon fibre pa galimoto ndi zinthu ziwiri zophatikizidwa. Choyamba ndi ulusi wakuda wowonda kwambiri, womwe kunenepa kwake n'kwa pakati pa mamilimita 0.005 ndi 0.010, kutanthauza kuti tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa kangapo kuuposa. Timaulusi timeneti timamangidwa m'mitolo ya 3,000, 6,000 kapena 12,000, n'chifukwa chake ogulitsa amalemba kuti 3K, 6K kapena 12K. Mitoloyo imalukidwa kukhala nsalu monga momwe amalukira mkeka, kapena imangoyalidwa yonse kuloza mbali imodzi.

Chachiwiri ndi utomoni, womwe nthawi zambiri umakhala wa mtundu wa epoxy. Nsaluzo zimayalidwa m'chikombole, ina pamwamba pa inzake, n'kunyowetsedwa ndi utomoniwo, kenako kuumitsidwa. Ulusi ndiwo umasenza katundu, pomwe utomoni umagwira ulusiwo pamalo pake ndi kuchititsa kuti miyalo yonse igwire ntchito ngati chinthu chimodzi.

Mphamvu za ulusi zili m'litali mwake. Nsungwi ndi chitsanzo chabwino: munthu sangaidule poikoka ndi manja, koma kuing'amba motsata ulusi wake n'kosavuta. Pofuna kupewa kufooka kotere, opanga amayala nsalu iliyonse kuloza kwake, ina molunjika, ina mopingasa, zina mopendekera pa madigiri 45 kumanja ndi kumanzere. Chiwerengero cha miyalo, komanso komwe muyalo uliwonse waloza, amawerengera ndi mainjiniya molingana ndi katundu yemwe mbaliyo idzasenze. Wokonza aliyense ayenera kubwezeretsa dongosolo limeneli monga lidalili.

Chomwe chimakopa opanga galimoto ndi kupepuka. Kachidutswa ka chitsulo ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu pafupifupi 7.8, ka aluminiyamu magalamu 2.7, pomwe ka carbon fibre yophatikiza ndi utomoni kamalemera magalamu pafupifupi 1.6. Chomwe chimawabweza m'mbuyo ndi mtengo. Ulusi wambiri umapangidwa kuchokera ku mankhwala otchedwa polyacrylonitrile, omwe amatenthedwa kaye pa madigiri 200 mpaka 300, kenako n'kuwotchedwa pa madigiri oposa 1,000 m'ng'anjo yopanda mpweya wa okosijeni. Ntchito imeneyi imadya nthawi ndi magetsi ochuluka.

Momwe idalowera m'galimoto

Ulusi wa kaboni si wa lero. M'chaka cha 1879, Thomas Edison wa ku America adawotcha ulusi wa thonje kuti ukhale chowalitsa m'babu la magetsi, ndipo pambuyo pake adagwiritsa ntchito nsungwi. Koma ulusi wake udali wosalimba. Ulusi wamphamvu udayamba kupezeka mu 1958 kudzera m'kafukufuku wa Roger Bacon wa kampani ya Union Carbide ku Parma, m'chigawo cha Ohio. Cha m'ma 1960 Akio Shindo wa ku Osaka, m'dziko la Japan, adasonyeza kuti polyacrylonitrile imatulutsa ulusi wabwino, ndipo mu 1963 akatswiri a Royal Aircraft Establishment ku Farnborough, ku Britain, adaipititsa patsogolo njirayo. Kampani ya Toray ya ku Japan idayamba kupanga ulusi wogulitsa mu 1971.

M'galimoto, kusintha kwakukulu kudabwera mu 1981 pomwe timu ya McLaren idalowetsa mumpikisano wa Formula One galimoto ya MP4/1, yomwe chimango chake chidali cha carbon fibre. Adaikonza ndi John Barnard. Ambiri ankaikayikira, poopa kuti ikadzagunda idzangoyoyoka. Mu Seputembala chaka chomwecho, John Watson adachita nayo ngozi yoopsa ku Monza, m'dziko la Italy, mpaka injini idathothoka, koma chimango chidapirira ndipo iye adatulukamo akuyenda yekha.

Kuchokera apo carbon fibre idafalikira pang'onopang'ono m'galimoto za pamsewu. McLaren F1 ya 1992 idali ndi chimango chotere, BMW M3 CSL ya 2003 idali ndi denga lake, Lamborghini Aventador ya 2011 idali ndi chimango, ndipo BMW i3 ya 2013, yoyendera magetsi, idali galimoto yoyamba yopangidwa mochuluka yokhala ndi chipinda chonse cha anthu cha carbon fibre. Toyota idaika chitseko cha kumbuyo cha carbon fibre pa Prius PHV ya 2017 ndi denga lake pa GR Yaris ya 2020.

Galimoto zambiri za ku Malawi n'zakale zochokera ku Japan, zomwe zimalowa kudzera m'madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Mwa zimenezi, zina zimabwera ndi mbali zotere kuchokera kufakitale, zina zidawonjezeredwa boneti, mapiko a kumbuyo kapena zokutira magalasi ndi eni ake akale. Choncho makaniko wa kuno akhoza kukumana nayo carbon fibre osati pa galimoto za mpikisano zokha.

Mitundu ya kuwonongeka

Kuwonongeka kopepuka ndi kwa vanishi, penti woonekera m'kati yemwe amapoperedwa pamwamba kuti luko la nsalu lizioneka. Vanishiyu amakalika, ndipo akakhalitsa padzuwa amasanduka wachikasu, kuchita mbuu, mpaka kuyamba kusupuka. Palokha vutoli silifooketsa mbaliyo, koma likalekereredwa dzuwa limafika pa epoxy, yemwe sapirira cheza cha dzuwa.

Kwachiwiri ndi ming'alu ya utomoni. Ulusi umakhala udakali wathunthu koma utomoni waung'aluka, ndipo m'ming'alumo mumalowa madzi ndi mafuta.

Kwachitatu, komwe n'koopsa kuposa konse chifukwa sikuoneka, ndi kumatuka kwa miyalo. Mwala wouluka pamsewu, sipanala yogwera pa boneti kapena kugunda pang'ono chipupa kukhoza kusiya kachizindikiro kosaposa chikhadabo, pomwe pansi pake miyalo yalekana pamalo aakulu ngati chikhatho. Mapepala ambiri omatidwa pamodzi amalimba ngati thabwa, koma akamatuka lililonse limapindika palokha. Chimodzimodzinso miyalo yolekana: ikamakokedwa imaoneka ngati ili bwino, koma ikapanikizidwa imakhwinyata n'kuthyoka. Kugwedezeka kwa galimoto pamsewu wa mabampu kumakulitsa malo omatukawo tsiku ndi tsiku.

Kwachinayi ndi kuduka kwa ulusi weniweniwo, monga pamene pabooka kapena pathyoka. Apa mphamvu zatayika ndipo palibe guluu yemwe angazibweze popanda kuikapo ulusi wina.

Palinso kuwonongeka kodza ndi moto kapena kutentha kwa ekizozi. Ulusi umapirira kutentha kwakukulu, koma utomoni umapsa, kusintha mtundu ndi kufumbutuka. Malo otere amachotsedwa onse.

Kupima musadagwire chida

Ntchito imayamba ndi kutsuka mbaliyo, kuichotsa pa galimoto ngati n'kotheka, ndi kuiunika ndi tochi yowala moipendeketsa kuti ming'alu ndi zotupa zionekere. Mbali ya kuseri iyenera kuyang'anidwa mwapadera, popeza chinthu chikagunda kunja, ulusi umayamba kuthyoka kumbali ya m'kati.

Kenako pamabwera kugogoda. Amayi ogula mbiya kumsika amaigogoda ndi chala kuti amve ngati ili ndi mng'alu: yabwino imalira ngwee, yong'aluka imalira mogonthera. Akatswiri a carbon fibre amachitanso chimodzimodzi pogwiritsa ntchito ndalama yachitsulo kapena kanyundo kopepuka. Amayambira pamalo abwino kupita pamalo owonongeka, ndipo pomwe kulira kwasintha amalembapo chizindikiro. Akazungulira mbali zonse, zizindikirozo zimapanga malire a malo omatuka, omwe kawirikawiri amakhala aakulu kuposa momwe diso limaganizira.

Njira imeneyi imathandiza pa mbali zopyapyala zokha. Pa mbali zochindikala, monga chimango, pamafunika makina otumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, ofanana kagwiridwe kake ndi sikani ya amayi oyembekezera. Mafundewo akafika pomwe miyalo yalekana amabwerera msanga, ndipo makinawo amasonyeza malo ndi kuya kwake. Ena amatenthetsa mbaliyo pang'ono n'kuijambula ndi kamera yoona kutentha, pakuti malo omatuka amazizira mosiyana ndi malo abwino.

Popima n'kofunikanso kutsimikiza ngati mbaliyo ndi carbon fibre yeniyeni. Zambiri zogulitsidwa ngati zokongoletsa zimakhala pulasitiki yomatidwa pepala lojambulidwa luko, kapena fibreglass yovekedwa nsalu imodzi yokha ya kaboni pamwamba. Kuseri kwake ndiko kumaulula: ngati kuli ulusi woyera womwazikana kapena pulasitiki yosalala, kakonzedwe kake n'kena ndipo n'kotsika mtengo.

Zokonzeka ndi zosayenera kukonzedwa

Mbali za carbon fibre zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zokongoletsa, monga zokutira magalasi, timilomo ta pansi pa bampala ndi zokometsera za m'kati. Izi zikhoza kukonzedwa ndi munthu wosamala yemwe ali ndi zipangizo zoyenera, ndipo zikakanika palibe moyo womwe umakhala pachiswe.

Gulu lachiwiri ndi la mbali zakunja zosenzako katundu, monga boneti, chitseko cha buti, madigadi ndi mapiko a kumbuyo. Pakati pa mbali zotere pamakonzeka, koma pomwe pali mahinjesi, loko kapena mabauti pamafuna katswiri, mwinanso kusintha mbali yonse. Boneti yomwe loko wake wazuka galimoto ikuthamanga imatseguka n'kuphimba galasi la kutsogolo.

Gulu lachitatu ndi la mbali zoteteza moyo: chimango chokhalamo anthu, mizati yogwira denga, denga lomatidwa ku chimango, pomangirira malamba ndi mipando, komanso mbali zomwe zidapangidwa kuti ziphwanyike pangozi. Chitsulo chimamwa mphamvu ya ngozi pokhwinyata, pomwe carbon fibre imaimwa pofumbutuka pang'onopang'ono motsata momwe mainjiniya adakonzera. Chigamba cholimba kwambiri kapena chofooka chimasokoneza dongosolo limeneli. Mbali zotere zimakonzedwa motsata buku la kampani yopanga galimotoyo basi, ndi anthu omwe kampaniyo idawaphunzitsa. Marimu a carbon fibre, ndi shafuti yozungulitsa matayala yomwe imapezeka pa galimoto monga Mazda RX-8 ya magiya a pamanja, zikawonongeka zimasinthidwa.

Kakonzedwe ka malo othyoka

Ngati vuto lili pa vanishi pokha, wokonza amapala ndi sandipepa wosalala wonyowetsa, kusamala kuti asafike pa ulusi. Madzi opalira akayamba kuda, ndiye kuti ulusi wayamba kudyeka ndipo ayenera kuleka. Akatero amapopera vanishi watsopano woteteza ku dzuwa.

Ngati ulusi waduka kapena miyalo yamatuka, ntchito imatsata ndondomeko iyi.

Poyamba amachotsa malo onse owonongeka, kudula mozungulira ngati dzira kapena ngati mwezi, popeza ngodya zakuthwa ndi momwe ming'alu yatsopano imayambira. Ngati mudalowa madzi, mbaliyo imaumitsidwa ndi kutentha pang'ono, chifukwa chinyezi chotsalira chimasanduka nthunzi poumitsa chigamba n'kuchitukumula.

Chachiwiri ndi kusema m'mbali mwa bowolo motsetsereka. Apa ndi pomwe pagona luso lonse. Mlimi womezanitsa mango amadula nthambi zonse ziwiri mopendekera kuti zikhudzane pamalo aakulu. Ulusi woduka sulumikizika nsonga ndi nsonga, choncho mphamvu ziyenera kuwoloka kuchoka ku ulusi wakale kupita ku watsopano kudzera mu utomoni, ndipo zimenezi zimafuna malo otambalala. Muyezo wofala ndi wakuti pa milimita iliyonse ya kuchindikala, kutsetsereka kukhale kwa mamilimita 20 mpaka 50. Mwachitsanzo, pa boneti yochindikala mamilimita 2, ngati atsata muyezo wa 30, amasema mamilimita 60 kuzungulira bowolo. Bowo la mamilimita 20 limasanduka malo okonza a mamilimita 140. Mwini galimoto asadabwe akaona bala likukulitsidwa chotere.

Kusemaku kumaonetsa miyalo ngati mizere ya m'thunthu la mtengo wodulidwa, ndipo wokonza amatha kuiwerenga ndi kuona komwe uliwonse waloza. Amajambula mizereyo papepala loonekera m'kati kuti ikhale muyezo wodulira nsalu zatsopano.

Chachitatu ndi kuyeretsa. Fumbi limachotsedwa ndi makina okoka, malowo n'kupukutidwa ndi mankhwala monga acetone kapena isopropyl alcohol. Kuyambira apo sakhudzidwanso ndi manja, pakuti mafuta a pakhungu ndi polishi wa silicone zimalepheretsa utomoni kugwira. Ngati bowolo lapyoza, kuseri kumaikidwa chotchinga chotsata maonekedwe a mbaliyo.

Chachinayi ndi kuyala zigamba. Chigamba chilichonse chimalowa m'malo mwa muyalo womwe udachotsedwa, cha nsalu yolemera mofanana, kuloza komwe muyalo wakalewo udaloza. Kawirikawiri amawonjezera muyalo umodzi pamwamba wopyola malire a balalo.

Chachisanu ndi kupanikiza. Pamwamba pa zigamba amayala kansalu kosamatirira, pepala la timabowo ndi thonje lomwa utomoni wotsala, kenako zonse n'kukutidwa ndi pepala la pulasitiki lomatidwa m'mbali kuti mpweya usalowe. Pampu ikakoka mpweya wa m'kati, mpweya wa kunja umapanikiza chigambacho ndi mphamvu yofika pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kupanikizaku kumatulutsa thovu ndi utomoni wosafunika. Chigamba chodzaza utomoni chimalemera koma sichilimba.

Chikauma, wokonza amachigogodanso kuti atsimikize kuti chagwira paliponse, kenako n'kusalaza ndi kupopera vanishi kapena penti. Pa mbali zomwe luko limaonekera, chigamba sichibisika kwathunthu. Ofuna kuti chisaoneke amayala nsalu yatsopano pa mbali yonse kapena kuipaka penti wa mtundu wa galimotoyo.

Utomoni woyenera ndi kutentha

Zigamba zambiri zimalephera chifukwa cha utomoni. Utomoni wa polyester, womwe amakonzera maboti a fibreglass ndipo ndiwonso uli mu body filler, sugwira bwino pa epoxy wouma ndipo umanyala ukamauma. Pa carbon fibre pamafunika epoxy wopangidwira kunyowetsa nsalu.

Epoxy amabwera m'mabotolo awiri, utomoni ndi choumitsa, ndipo ziyenera kuyezedwa pa sikelo molingana ndendende ndi zomwe wopanga adalemba, mwachitsanzo magalamu 100 a utomoni ndi magalamu 30 a choumitsa. Ozolowera polyester amawonjezera choumitsa akafuna kuti ntchito iume msanga. Pa epoxy kutero kumangosiya chigamba chofewa kapena chosachedwa kusweka.

Kutentha nakonso n'kofunika. Epoxy wambiri yemwe wangouma pa kutentha kwa m'nyumba, zomwe zimatenga pafupifupi maola 24, amayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 60. Boneti yakuda yoimikidwa padzuwa la mu Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje ikhoza kupyola madigiri 70, osawerengera kutentha kwa injini pansi pake. Pachifukwa ichi chigamba chimatenthetsedwanso kwa maola angapo pa madigiri 60 mpaka 80, kapena monga wopanga utomoniwo walangizira, pogwiritsa ntchito bulangeti la magetsi ndi zoyezera kutentha. Kutenthaku kumakwezedwa ndi kutsitsidwa pang'onopang'ono, ndipo magetsi sayenera kudukiza ntchito ili m'kati.

M'mafakitale ndi m'magalaja a akatswiri amagwiritsanso ntchito nsalu yonyowetseratu utomoni, yotchedwa prepreg. Iyi imasungidwa mufiriji pa madigiri 18 pansi pa ziro ndipo imaumitsidwa pa madigiri pafupifupi 120 kapena kuposerapo. Imatulutsa ntchito yabwino kwambiri koma imafuna zipangizo zodula.

Chenjezo lina ndi la dzimbiri. Carbon fibre payokha sichita dzimbiri, koma imadutsa magetsi, ndipo ikagundana ndi aluminiyamu kapena chitsulo wamba pamalo a chinyezi, chitsulocho chimadyeka mofulumira. Pomwe ziwirizi zikukumana amaikapo kansalu ka fibreglass kapena guluu wozilekanitsa. Kuboola mabowo atsopano kuti amange chigamba ndi mabauti kapena mariveti kumadula ulusi wina ndipo n'kosayenera pokhapokha buku la kampani litalola.

Momwe makampani amachitira

Opanga galimoto adazindikira kuti ogula sangalole galimoto yomwe ngozi iliyonse ikutanthauza kutaya chimango chonse. Pa BMW i3, khungu lakunja lidapangidwa ndi mapulasitiki omangirira, omwe amasinthidwa mosavuta pa ngozi zazing'ono. Chimango cha kaboni cha m'kati chidagawidwa m'zigawo zodziwika. Chigawo chikawonongeka, makaniko wovomerezeka amachidula pamalo oikidwiratu ndi makina apadera, n'kumatapo chigawo chatsopano ndi guluu wa kampaniyo. Galimotoyi idapangidwa ku Leipzig, ku Germany, mpaka 2022.

Kampani ya Lamborghini ya ku Sant'Agata Bolognese, ku Italy, idasankha njira ina. Itatulutsa Aventador, idakhazikitsa gulu la akatswiri otchedwa flying doctors, kutanthauza madokotala ouluka, omwe amakwera ndege ndi zipangizo zawo kupita komwe kuli galimoto yowonongeka. Lusoli adalikonza mothandizana ndi kampani ya ndege ya Boeing komanso University of Washington ku Seattle, ndipo mu 2014 bungwe loyesa miyezo la TÜV lidavomereza ntchito yawo yokonzayo.

Njira zambiri zokonzera zidachokeradi ku ndege. Ndege ya Boeing 787, yomwe pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zinthu za mtundu umenewu, idapereka chitsanzo chodziwika. Mu Julayi 2013 ndege yotere ya Ethiopian Airlines idagwira moto itaima pabwalo la Heathrow ku London, ndipo denga lake chakumchira lidapsa. Akatswiri adadula malo opsawo n'kumatapo chigamba chachikulu, ndipo idayambanso kuuluka kumapeto kwa chaka chomwecho. Izi zikusonyeza kuti ngakhale mbali zosenza katundu wamkulu zimakonzeka, pokhapokha pali mainjiniya odziwa dongosolo la miyalo, makina opimira ndi zipangizo zoyenera.

Chitetezo cha wokonza

Fumbi la carbon fibre limayabwa pakhungu, kuwawa m'maso ndi kuvuta m'mapapo. Wopala ayenera kuvala chotchinga mphuno ndi pakamwa chosefa fumbi losalala, magalasi ndi zovala zofika m'mikono, komanso kupala monyowetsa kapena ndi makina okoka fumbi. Kulipemerera ndi mpweya wa kompuresa kumangolimwaza m'galaja monse. Popeza limadutsa magetsi, likalowa m'girayinda, m'kompyuta kapena m'mawaya a galimoto limatha kuyambitsa shoti. Pa galimoto yoyendera magetsi, batire lalikulu limayenera kulekanitsidwa kaye ndi munthu wophunzitsidwa.

Epoxy wosauma amayambitsa ziwengo zomwe, zikangoyamba, zimabwerera nthawi iliyonse munthu akamukhudza, mwina moyo wake wonse. Magolovesi a nitrile ndi malo opita mphepo n'zofunika. Kusamba m'manja ndi thina kapena acetone kumalowetsa mankhwalawo m'khungu. Sopo ndi madzi ndizo zoyenera. Epoxy wambiri wosakaniza akasiyidwa m'kapu amatentha yekha mpaka kufuka utsi, choncho ndi bwino kusakaniza pang'onopang'ono. Zidutswa zothyoka zimabaya ngati minga, ndipo zotsala za galimoto yopsa siziyenera kugwiridwa popanda zodzitetezera.

Zoyenera kudziwa mwini galimoto

Mwini galimoto yokhala ndi mbali za carbon fibre adziwe kuti ndi ziti, ndipo amuuze makaniko asadayambe ntchito iliyonse, kuphatikizapo kuikweza pa jeke, komwe kuyenera kuchitika pamalo oikidwa ndi kampani okha. Galimoto ikagundidwa, ngakhale pasaoneke bala, ndi bwino kuti malowo apimidwe.

Popereka ntchito, afunse mafunso anayi: malire a kuwonongeka apezeka bwanji, agwiritsa ntchito utomoni wanji, ayala miyalo ingati ndipo yoloza kuti, nanga chigamba chidzapanikizidwa ndi kuumitsidwa motani? Ndi bwinonso kupempha zithunzi za ntchitoyo penti asadapoperedwe, chifukwa penti amabisa ntchito yabwino ndi yoipa mofanana. Zithunzizo zimathandizanso pokambirana ndi a inshuwalansi, omwe ayenera kudziwitsidwa za mbali zodula zomwe zidawonjezeredwa pa galimoto.

Wogula galimoto yakale ayang'ane kuseri kwa boneti ndi kwa chitseko cha buti, malo omwe luko la nsalu likusemphana, vanishi wotupa, ndi ming'alu yozungulira mahinjesi ndi mabauti. Ngati boneti yowonjezera yasweka pamalo ogwirira ndipo katswiri sakupezeka, njira yotchipa komanso yotetezeka ndi kubwezeretsa boneti ya chitsulo kapena ya aluminiyamu yomwe galimotoyo idatuluka nayo kufakitale. Ngati chasweka ndi chimango, galimotoyo isayende mpaka atapima oimira kampani yomwe idaipanga.